Mtedza wa Nambala Seveni

Ndikudziwa kale kuti simukhulupirira, chifukwa inu anyamata a ku 25 simunakhulupirirepo chilichonse chotuluka pakamwa panga, ngakhale tsiku lija ndinakuuzani zoona kuti galu wa aneba akubwera. Koma iyi yokha ndikubetcherani nsapato zanga zopitira kutchalitchi. Mayi aja munawamva pa wailesi sabata yatha, otsogolera gulu lonse la akatswiri ofufuza poizoni wa m'zakudya, amene anawakweza pampando umenewo ndi ine. Ineyo. Ine ndemwe amene ndinalephera sayansi ku Fomu 4 mpaka aphunzitsi anatenga pepala langa kukaonetsa anzawo kuti nawonso asekeko. Sekani, mano ndi anu. Koma mumve kaye.

Mayi amenewo ndi asisi anga, bere limodzi. Iwo ndi oyamba, ine ndine mzime. Makolo athu anachoka ku Mulanje madala atapeza ya ulonda ku Kanengo, ndiye tinakhazikika kumapeto kwenikweni kwa Area 25, pamalo poti ukayetsemula a ku Mgona amakuyankha kuti pepani.

Asisi anabadwa ndi mphuno ya sayansi. Chilichonse ankayamba anunkhiza, kaya ndi madzi, kaya ndi mkate, kaya ndi ine pobwera ku mpira. Anapita ku yunivesite kukaphunzira kemisitiri, anabwerako ndi pepala komanso magalasi. Ntchito yoyamba anaipeza ku fakitale ya sopo ku Kanengo komweko, m'labu, kumayeza ngati sopoyo sangasupule anthu khungu. Masteni anali pa ulemerero, aise. Mwezi uliwonse asisi ankabwera ndi zidutswa za sopo zodulika mokhota, moti kwathu ngakhale mphaka ankanunkhira ndimu.

Ndiye tsiku lina anangofika kuchokera ku ntchito, kukhala pampando, kuvula nsapato, n'kunena kuti sopo amusiya.

"Akuchotsa?" anafunsa masteni.

"Ayi amayi, ndasiya ndekha. Ndapeza malo kwa anthu a kafukufuku aja kunja kwa tauni. Ndizikayeza mtedza."

"Mtedza?"

"Eya. Wachuku."

Masteni anatembenukira kwa madala pang'onopang'ono ngati geti la dzimbiri. "Abambo ake, mwamva? Mwakhala mukulumidwa ndi udzudzu pageti zaka zonsezi kuti mwana akaphunzire kununkhiza mtedza wowola."

Asisi anafotokoza mofatsa. Chuku chija chimamera pa mtedza wosungidwa wonyowa chimasiya poizoni wosaoneka ndi maso. Ungakazinge, ungasinje, poizoniyo safa. Amadya chiwindi pang'onopang'ono, ndipo ana omwa phala lansinjiro zotere sakula bwino. Iwo anali atawerenga zimenezi m'mabuku ndipo chiwerengereni sankaonanso nsinjiro ngati kale.

Koma malo anawapatsawo anali oima ndi mwendo umodzi. Bwana wawo, mdala wina wa imvi mpaka m'makutu, anawauza poyera kuti ali ndi nyengo imodzi yokha ya mtedza. Akaonetsa kuti poizoniyo alipodi m'misika yathu, ntchito ikhazikika. Akapanda kupeza kanthu, zikomo kwambiri, yendani bwino. Ndipo ku sopo kuja mpando wawo unali utatenthedwa kale ndi munthu wina.

Nthawi imeneyo ine ndinali kale bizinesimani wamkulu ku Mgona. Mukuseka chiyani? Matumba awiri ndi sikelo yobwereka si bizinesi? Mtedza unkabwera ndi makoko ake kuchokera ku Mchinji ndi ku Dowa, ife n'kumaswa, kupeta, kugulitsa. Ine za majumbo ndinkaona ngati kuwononga, ogula pang'ono ndinkangowakulungira m'pepala lililonse limene ndalipeza kunyumba.

Tsono kuswa mtedza wouma ndi chilango. Zala zimatupa ngati chinangwa, mtedza umasweka pakati, tsiku limatha ndowa isanadzaze. Ndiye anthu ena, ndikuti ena, anali ndi nzeru yawo. Dzuwa likamapendeka amawaza madzi pa mulu n'kuufunditsa masaka. Pofika m'mawa makoko afewa ngati mkate wa m'tiyi, ukangokhudza atseguka okha, ndipo pa sikelo mtedza ukulemera ngati wachokera ku phwando. Woterowo ukauthira m'thumba osauyanika, masiku ochepa chuku chalowa. Anthu oipa mitima, aise. Ine ndinkangowaona.

Tsiku loyamba asisi anafika pamsika pa pikapu yoyera, atavala chikhoti choyera, magolovesi m'manja, timajumbo tolembedwa manambala. Msika wonse unaima. Amayi ogulitsa mtedza pamsikapo ankawadziwa kuyambira akuyenda ndi mamina.

"Eee, mwana wathu uja! Wa amayi a ku Mulanje!"

Nthungululu. Wina anathamanga kukabwereka mpando kwa wometa, wina anaupukuta ndi chitenje chake, wina anathamangitsa mbuzi imene sinalakwe kanthu. Asisi analunjika kwa amayi akuluakulu a pamzere woyamba, mnzawo wa masteni wa kumpingo.

"Amayi, ndigulitseniko mtedza pang'ono. Mungotapa m'thumbamo mmene ulilimo."

"Khalani pansi, mayi. Nanga ife tilipo mugwire ntchito?"

Anathira pa lichero, anakhalapo amayi atatu, kuyamba kusankha kamodzikamodzi. Wonyala uko. Wakuda uko. Wosweka uko. Umene unafika m'kajumbo ka asisi unali mtedza woti ukhoza kukaimira Lilongwe pa mpikisano wa chiphadzuwa.

"Ayi amayi, ine ndikufuna womwe mwaika pambaliwo."

Amayi aja anagwira pachifuwa.

"Uwu? Mwana wa mnzanga, wobwera pa galimoto, ndimupatse wa nkhuku? Mukufuna amayi anu akandinene kumpingo? Kodi takulakwirani chiyani, mayi?"

Asisi anayesa kupisa okha dzanja pansi pa thumba. Amayi aja anawamenya kakhofi pa golovesi. "Mudetsa choyeracho." Kenako anawonjezera basela, naye wosankha.

Anapita ku Kawale, chimodzimodzi. Ku Chinsapo, ku Area 23, chimodzimodzi. Kumene sankawadziwa, chikhoti chija chinkawagwirira ntchito yoipa. Ena ankachilemekeza n'kusankha, ena ankaganiza kuti ndi aja olanda katundu, thumba lokayikitsa n'kulikhalira. Mayi wina akuti analikhalira mpaka pikapu inakafika ku Biwi.

Ku labu kuja mtedza amaupera, amausungunula m'mankhwala, amadontheza pa kagalasi, n'kukaunika ndi nyali yapepo m'kachipinda kamdima. Poizoni akakhalamo, kadontho kamawala buluu. Miyezi iwiri inatha, palibe chinawala. Mtedza wonse woyera ngati mtima wa khanda. Mdala wa imvi uja anayamba kulankhula mokoma, ndipo mukudziwa kuti bwana akayamba kukoma ndiye kuti chikwanje chanoledwa. "Mwina anthu a ku Lilongwe ndi aukhondo kuposa mmene mabuku akunenera," anatero. Anawapatsa mpaka kutha kwa mwezi.

Asisi anaonda mpaka magalasi ankatsetsereka pamphuno. Masteni anasiya kuwanyogodola, n'kuyamba kuwayang'ana mwachisoni, chimene chinali choipa kuposa. Sopo naye anali atatha m'nyumba, tinayamba kugula wa pagolosale ngati anthu wamba. Mphaka anabwerera kununkha chimphaka.

Lamlungu lina masana ndinawapeza pakhonde atazunguliridwa ndi mapepala, akungoyang'ana mpanda. Ine ndikutafuna mzimbe.

"Asisi, vuto lanu mukulidziwa?"

"Iwe, usandiyambe lero."

"Vuto lanu ndi ulemu. Mwachuluka ulemu. Munthu wolemekezeka sanagulepo mtedza woipa chibadwire."

"Ndiye ndipite nditavala sanza?"

"Ngakhale muvale saka, magalasiwo akuululani. Komanso ndinu mzimayi. Mzimayi pamsika amatola, amaluma, amanunkhiza, amakuyang'ana m'maso ngati wapolisi. Amaopedwa. Inu funsani funso labwino. Mtedza woipa umapita kwa ndani?"

Anandiyang'ana. "Kwa ndani?"

Ndinalavula makoko a mzimbe mwaulemu, ngati pulofesa. "Kwa bambo wotumidwa ndi mkazi wake. Wa tayi, kapepala m'manja, diso limodzi lili ku minibasi. Woti sadziwa kusiyanitsa mtedza ndi nzama. Ameneyo akangotulukira pakona, msika wonse umathokoza Mulungu. Thumba la pansi limakwera pamwamba lokha. Akafika kunyumba akakalipiridwa, koma sabwerera, amachita manyazi."

"Iwe ukudziwa bwanji zimenezi?"

"Ndimaona, asisi. Maso alibe mpanda."

Anavula magalasi, anandiyang'ana nthawi yaitali. "Mutu uli nawo iwe. Kungoti unaupatsa ntchito yolakwika." Anatenga cholembera n'kuyamba kulemba mothamanga. Ine ndinati andiuze tsiku lake kuti ndikathandize kuyang'anira, poti nzeru ndi yanga.

"Ayi. Asadziwe aliyense. Ngakhale iwe."

Ndinakhumudwa, aise. Munthu wabweretsa mvula, akumuuza kuti asanyowe.

Zimene anachita ndinazimva pambuyo pake. Anasonkhanitsa dalaivala wa pikapu, mesenjala, mlonda wa pageti la labu ndi kalaliki wina wa ku ofesi kwawo. Anawabwerekera matayi. Aliyense anamupatsa kapepala kolembedwa ndi dzanja lachizimayi: tomato, anyezi, mtedza. Malamulo anali atatu. Osasankha, osanunkhiza, uziyang'ana wotchi. Mlonda analibe wotchi, ndiye ankangoyang'ana mkono. Pikapu inkaima kutali kuseri kwa chigayo, abambo aja n'kumalowa m'misika wapansi, mmodzimmodzi, nkhope zili ngati nkhosa zotayika. Chilichonse chimene apatsidwa ankachibweretsa mmene chiliri, asisi n'kuchiponya m'kajumbo n'kulemba nambala.

Aise, kachipinda kamdima kaja kanawala. Dalaivala amalumbira mpaka lero kuti anaona kuwala kukutulukira pansi pa chitseko n'kuthamangira ndowa ya madzi. Kagalasi kanali buluu apa, buluu apo, ngati Khirisimasi ya anthu olemera. Koma panali kadontho kamodzi, ka nambala seveni, kamene kanaposa onse. Mdala wa imvi anavula magalasi, anapukuta, anavalanso, analamula kuti abwereze. Anabwereza katatu. Seveni yekhayo akanatha kuunikira Mgona yense tsiku lozima magetsi, mpaka anthu kumasita zovala.

Tsiku limenelo asisi anatsika pa kabaza akuvina. Munthu wa digiri, nsapato za ku ofesi, akutimba fumbi kuyambira kumsewu mpaka pakhomo, ana a aneba ali pambuyo.

"Amayi! Wawola! Mtedza wawola!"

Masteni anatuluka ndi thovu m'manja. "Ndiye tikondwere?"

"Kondwerani!"

Masteni anaimba nthungululu osadziwa chimene akuimbira, madala anavina ndi mpando womwe anakhalira. Kenako asisi anaima, kupuma, kulowa m'nyumba, kutuluka ndi chitini cha nsinjiro za masteni n'kukakhuthula kudzala. Nthungululu inathera pakhosi. "Kuyambira lero," anatero asisi, "nsinjiro za m'nyumba muno ndizisankha ndekha mtedza wake." Pamenepo ndi pamene tonse tinazindikira kuti chimene tikuvinirachi takhala tikudya.

Ntchito inakhazikika. Anawapatsa anthu owathandiza, kenako chipinda chachiwiri, kenako anawatumiza kunja kukaphunziranso, anabwerako ali Dokotala wosabaya jakisoni. Kuchoka pa mtedza anapita pa chimanga, pa chiponde, pa ufa wa phala la ana. Mdala wa imvi atapuma pa ntchito, mpando unadziwa wokha kopita. Lero chikhoti choyera chija amachivala mwa apo ndi apo, nthawi zambiri amakhala akutsogolera misonkhano ndi kukalipira anyamata awo kuti asambe m'manja. Ndipo mpaka pano gulu lawo likafuna kudziwa zoona za msika limatuma abambo a matayi. Anaipatsa dzina lalitali la Chingerezi njira imeneyi, koma mwini wake mukumuona pano.

Chimene ndimawakondera asisi n'choti sanathawire ku ofesi. Patangopita masabata angapo kuchokera tsiku lovina lija anabwereranso ku Mgona, opanda chikhoti, atamanga chitenje, n'kukhala pansi pamodzi ndi amayi aja. Anawauza kuti madzi ndi mtedza ndi adani, kuti aziyanika mpaka uzilira ukaugwedeza, kuti wowola asausinje nsinjiro ngakhale kupatsa nkhuku. Amayi a pamzere woyamba aja anafunsa, "Ndiye kusankha kuja tinkalakwa?" Asisi anati, "Ayi amayi, kusankhako n'kwabwino. Koma muzisankhira aliyense ngati mmene munandisankhira ine." Kenako anatulutsa chithunzi chachikulu cha nambala seveni. Mtedza waubweya ngati mbewa, pambali pake kadontho kaja kakuwala.

Amayi anakuwa. "Mayo! Ndani mfiti ameneyu?"

"Dzina sitinena," anatero asisi. "Mwini wake akudzidziwa."

Ine magazi anawira. Ndinakwera pa thumba. "Munthu ameneyu apezeke! Akutionongera mbiri ife amalonda oona mtima! Achoke pamsika pano, akagulitse makala!" Anthu anaomba m'manja. Wometa anandinyamula mwendo umodzi. Asisi anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

Apa ndi pamene nkhaniyi ndimaithera masiku onse, ndipo pamakhala pabwino. Koma asisi andichenjeza kuti akadzamvanso kuti ndikuinena theka, theka linalo adzalinena okha pa ukwati wanga, pa maikolofoni. Ndiye bwerani pafupi, ndipo amene aseke mokweza ndimudziwa.

Lachitatu lina m'masiku a abambo a matayi aja panafika pa benchi yanga bambo wa tayi yofiira. Thukuta kamukamu, kapepala m'manja, akuyang'ana mkono wopanda wotchi. Ine ndinali ndi thumba lina limene linavumbidwa ndi mvula. Mvula yake inali ya mwezi wa Julaye, yogwa kuchokera m'ndowa yanga, ine ndemwe nditagwira kapu. Thumbalo linali litayamba kununkha ngati sokosi ya kondakitala. Nditamuona bambo uja, nzeru zonse ndinapereka pakhonde zija zinauluka. Ndinangoona chakudya chikuyenda ndi miyendo.

"Bwana! Bigi! Wapamwamba uwu, wa ku Mchinji weniweni!"

Ndinapisa mkono mpaka m'chigongono. Ndinamuikira ndi basela. Madzulo ake ndinakadzitama kunyumba kuti lero ndakumana ndi bambo wopusa kuposa onse mu Lilongwe, asisi ali pomwepo akumwa tiyi. Ndipo m'mawa wotsatira tsiku lovina lija, kutabwera munthu wina kudzatenga thumba lonselo osanenerera n'komwe, ndinati chaka chino ndi changa. Anali dalaivala wa pikapu. Thumbalo anakaliotcha kuseri kwa labu.

Ine zonsezi sindinazilumikize, kapena tinene kuti mutu unakana. Pokwera pa thumba paja ndinkadziuza kuti amawaza madzi ndi ambiri, seveni angakhale aliyense. Mpaka tsiku limene asisi anandiitana ku ofesi yawo yatsopano kuti ndikaone. Mpando wozungulira, kapeti, fani. Pakhoma mapepala awo a sukulu m'mafelemu. Koma pakati penipeni, pamalo aulemu, panali felemu ina yokhala ndi pepala lokwinyika, lamadontho a mafuta.

Ndinayandikira. Dzanja langa. Mayeso a sayansi a Fomu 4, aja anakaonetsedwa kwa aphunzitsi onse. Ziro wofiira pamwamba, woti aphunzitsi anamujambulira maso ndi makutu. Ndi limene ndinamukulungira mtedza bambo wa tayi yofiira. Pakona pake asisi analembapo ndi inki yakuda: 7.

"Munadziwa liti?"

"Mlonda atangonditambasulira. Amene anakuphunzitsa kulemba ndani? Zilembo zopendama ngati zaledzerazi ndingazisowe?"

"Ndiye pamsika paja, ine ndili pa thumba..."

"Unalankhula bwino kwambiri."

"Asisi, chotsani. Ndapota nanu."

"Sindichotsa. Alendo akafunsa ndimawauza kuti ndi pepala la munthu amene anathandiza kafukufuku wanga kuposa wina aliyense. Ndikunama?"

Sakunama. Ndiye nsapato zanga muziiwale, chifukwa inenso sindinaname, ndinawakwezadi, kawiri konse, ndi mutu komanso ndi ndowa. Chiyambire tsiku limenelo sindinawazenso dontho pa mtedza, zala izi mukuziona ngati chinangwazi ndi umboni.

Chatsala ndi chimodzi, chimene ngakhale masteni sachidziwa. Ndisanatuluke mu ofesimo asisi anandiuza kuti ndiwerenge mokweza funso loyamba pa pepalalo. Linkati nditchule chinthu chimodzi chimene chuku chimafuna kuti chimere. Yankho lake linali madzi.

Ine ndinalemba kuti feteleza.